Chipinda cha a Zoyera Okhaokha

Lolemba, 2 Juni

Masiku anayi pa Boma. Ine ndi Atikonda wanga. Chikwama chimodzi, bulangete, poto. Ku Biriwiri sindibwereranso ngakhale andikoke ndi ng'ombe. Evance walowetsa mkazi wina ine ndili m'nyumba momwemo, apongozi akuombera m'manja. Basi, izo zatha.

Takhala tikugona m'khitchini ya lesitilanti ya a Edson komwe ndapeza ganyu yotsuka mbale. Lero ati lomaliza, eni malo akudandaula. Kuzizira kwake. Mwana mapazi ngati miyala ya mumtsinje.

Nyumba ndafunsa zinayi. Yoyamba yodula. Yachiwiri akufuna aone mwamuna. Yachitatu funso loyamba, mumapemphera kuti? Ndati Katolika. Mayiyo kumwetulira bwinobwino, ati pepani, pano ndi a Sabata okha, Loweruka sitifuna utsi kapena matewera pachingwe. Matewera! Ngati mwana amadziwa tsiku.

Yachinayi ndinapita nditachenjera. Mayi wogulitsa tomato anandilozera Enelesi, amasoka pakhonde la sitolo, akufuna wogawana naye chipinda ndi lendi. Koma anandichenjeza kuti ndi wa mpingo wa zoyera uja, opemphera kuphiri, osaponda kuchipatala. Amafuna wa mpingo wawo yekha. Ndinagula mpango woyera pakaunjika, kumanga mpaka m'nsidze. Ndati ndine wanu, nthambi ya ku Lizulu.

Ndanama. Kolona ya malemu mayi anga ndamangirira m'chiuno mkati mwa chitenje. Buku la kusikelo la Ati ndasiya kuntchito pansi pa katoni ya sopo. Mayi Maria ndiye angandimvetse, nawonso anasowapo pogona ndi mwana.

Lachinayi, 5 Juni

Kachipinda. Mphasa ziwiri, chingwe pakati, nsalu yotchinga. Malata abwino, mphepo silowa. Chitseko chili ndi loko. Kiyi mmodzi, amasunga Enelesi.

Malamulo anandiwerengera ngati tili kusukulu. Mankhwala ayi, ngakhale panado. Nkhumba ayi, mlamba ayi. Mafuta odzola a mwana anayamba wawanunkhiza. Kupemphera kusanache, mawondo pasimenti.

Eni nyumba ndi mayi Zelesi, mkulu wa amayi mumpingomo. Mzere wonse, zitseko zisanu, a zoyera okhaokha. Anabwera kudzandiona ngati akugula mbuzi, kuyambira kumapazi. "Ku Lizuluko anakubatizani ndani?" Ndati abusa akale aja, anamwalira. Iwo anangoti ehee. Ehee wautali.

Enelesi sindikumukonda. Amayang'ana. Ndikuyamwitsa akuyang'ana, ndikudya akuyang'ana. Mwana amangomunyamula osapempha. Akuti "mwana wathu." Wathu ndi ndani? Anandithandiza kubereka?

Kope ili ndikulembera kuntchito, kuseri kwa madiramu a madzi. Kunyumba sindingayerekeze. Woti ndimuuze palibe, ndiye ndiziuza pepala.

Lolemba, 9 Juni

Dzulo kuphiri. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Opanda nsapato, pamwala, mphepo ya ku Mozambiki ikuboola mafupa. Nyimbo zawo sindikuzidziwa, ndimangotsegula pakamwa ngati nsomba.

Ndiye ndinalakwitsa. Atanena kuti tipemphere, dzanja langa linanyamuka lokha kupita pamphumi. Chizindikiro cha mtanda. Zaka makumi awiri ndi chimodzi likuchita zimenezo, lingaiwale sabata imodzi? Ndinaligwira lili panjira yopita pachifuwa, kunamizira kukanda. Enelesi anaona. Anaona ndithu.

Atikonda wayamba kutsokomola komweko. Ndinapempha nditsike naye. Mayi Zelesi ati mphepo ndi mpweya wa Mulungu, mwana azolowere. Iwo ali ndi majuzi awiri mkati mwa zoyerazo, ndinaona makolala. Mfiti yovala zoyera.

Lachinayi, 12 Juni

Mwana thupi moto. Chifuwa chikulira ngati mphaka.

Ndinatsanzika ngati ndikupita kuntchito. Kudutsa mumsika, kutenga buku, kuvula mpango kuseri kwa mabenchi a nyama, kabaza mpaka kuchipatala. Njira yonse ndikucheuka. Adokotala ati chibayo chikuyamba. Mankhwala a m'botolo, katatu patsiku, masiku asanu, osadumpha ngakhale aoneke ngati wachira. Namwino anandionetsa ndi chala: nthiti zikamalowa mkati popuma ndithamange naye, ndisadikire munthu.

Wam'mawa ndi wamasana ndizimupatsira kuntchito. Wamadzulo ndiye vuto. Botolo ndikulibisa m'udzu wa denga la chimbudzi, m'mawa kulitenga m'kamisolo. Mwana wanga kumwera mankhwala m'chimbudzi ngati wakuba. Ndimamupukuta pakamwa, kenako bere, kuti fungo lichoke.

Enelesi wabwera ndi madzi opempherera m'chigubu. Akumuwaza mwana kumutu. Ozizira. Ndinafuna kumuluma dzanja limenelo. Ndati zikomo asisi.

Loweruka, 14 Juni

Wadziwa.

Ndinapita kumpopi. Pobwera ndapeza wamuvula mwana juzi, ati akumupukuta thukuta. Chala chake chili paphewa, pachipsera cha katemera. Ndati chinali chithupsa. Anangopinda mkono wa diresi lake. Chipsera chomwecho, pamalo pomwepo.

"Ine anandibaya ndili khanda, ndisanaone kuwala. Wobadwira mumpingo sakhala nacho. Amake Ati, mwandinamiza m'nyumba mwanga."

Ndimati akuwa, aitane anthu. Ayi. Anakhala pansi nkuyamba za mwana wake. Sindimadziwa kuti anali naye. Chimango, miyezi isanu ndi inayi. Anamwalirira kuchipatala, dilipi ili pamkono. Iye akuti majakisoni ndiwo anamumaliza. Kuchokera pamenepo analumbira kuti pomwe iye akugona mankhwala sadzalowapo. Akuti ichi si chipinda chabe, ndi malo ake opempherera, ndipo anafuna mlongo wogwada naye, osati mlendo.

Chisoni chinandigwira pang'ono. Pang'ono pokha. Wake anapita, ndiye wanga atsatire?

Anafunsa ngati ndalowetsa mankhwala. Ndati ayi. Zoona, m'chipinda sanalowe.

Lolemba, 16 Juni

Apeza botolo. Dzulo m'mawa, tisanapite kuphiri. Mayi wa chitseko chachitatu ndiye anali akundisuzumira masiku onsewa, ati munthu wanji wopita kuchimbudzi ndi mwana nthawi yomweyomweyo.

Mayi Zelesi anaitana mzere wonse pabwalo. Kutsegula botolo, kuthira pansi pang'onopang'ono kuti aliyense aone. A masiku awiri otsala. Dothi linamwa ine ndikuyang'ana. Ndinawalumphira, amayi awiri anandigwira mikono. Wina ati Yudasi wachikazi. Wina anamasula chitenje changa, kolona kugwa, onse kubwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

Chigamulo chawo: mpaka Lachinayi. Ndilape, ndibatizidwe kumtsinje, mwana asambitsidwe komweko kuti mankhwala amuchoke, buku la kusikelo liwotchedwe. Apo ayi ndituluke. "Nyumbazi ndinamanga ndi mbatatesi zanga, boma silinaikepo njerwa. Wogonamo ndisankha ine."

Mbale zanga azipatula. Chingwe choyanikira andiletsa. Enelesi wakokera mphasa yake kukhoma, nsalu watseka mpaka pansi. Tikupuma mpweya umodzi, osalankhulana.

Ndimafuna ndibwerere kuchipatala akandipatse ena. Koma ndikanena kuti chiyani? Kuti ndinangoima anthu akutaya? Komanso a Edson ati ndikajombanso m'mawa ayika wina. Atikonda thupi lazizirako, wadya phala. Mwina masiku atatu aja akwanira. Mwina.

Lachiwiri, 17 Juni

A Edson anandipatsa ola limodzi masana. M'malo mwa kuchipatala ndinapita ku ofesi ina yothandiza anthu pa za ufulu, kasitomala wina ndiye anandilozera. Ndimati lamulo liwaopseza.

Bambo wa mu ofesimo ndi a Maynard. Aulemu, anandipatsa mpando. Funso loyamba, pepala la lendi lilipo? Palibe. Ndalama munapereka kwa ndani? Kwa Enelesi, m'manja. Anakanda m'mutu.

Ati tsankho la chipembedzo malamulo amakana, zimenezo nzoona. Zoti mayi Zelesi amakaniza mzere wonse kwa anthu a mipingo ina atha kuzitsata, ndipo kutaya mankhwala a mwana si nkhani yaing'ono. Koma za chipindacho, "dzina lanu silili paliponse, mayi. Munalowa pamphasa yoyandikana ndi ya munthu. Kumukakamiza kuti azigona ndi amene sakumufuna, pamenepo mpovuta. Komanso munalowa ndi bodza."

Bodza. Ngati ndinanamira kufuna. Ndati nanga ndikananena zoona ndikanagona kuti? Ati alemba kalata, ndibwere sabata yamawa. Ine ndili ndi mpaka mkuja. Anandipatsa kapepala kofotokoza ufulu wanga. Ka Chingerezi.

Pobwerera ndinadzera kwa mayi wina wa ku tchalitchi kwathu, ndinamva ali ndi chipinda chakuseri. Ndinatulutsa kolona kuti aione. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Si inu tinakuonani mukukwera phiri muli m'zoyera? Ayi, anthu a uku ndi uku ine sindisunga." Kutseka geti.

Kwa a zoyera ndine Mkatolika. Kwa Akatolika ndine wa zoyera. Onse apse.

Lachitatu, 18 Juni

Thupi latenthanso. Phala wakana. Bere akungoligwira nkulisiya.

Ndafunsa nyumba zina zitatu, akufuna miyezi iwiri pamodzi. A Edson za khitchini ati ndisayambenso. Kudepoti amagona anthu, koma ndi chifuwa ichi, Juni uno?

Ndawauza mayi Zelesi kuti ndavomera. Inde, ndavomera. Anandigwira kumutu, ati mwana wolowerera wabwerera. Dzanja lawo lonunkha anyezi. Mawa dzuwa likamatuluka amayi abwera ndi nyimbo kudzatitenga. Buku ndalitenga kuntchito, lili m'chikwama. Ndi pepala chabe, ndikudziuza choncho. Masikelo onse a Ati alimo, kuyambira tsiku lobadwa.

Koma madzi a mumtsinje m'mawa. Ine ndipirira. Iyeyu?

Mwina ndiwapempha angomuwaza. Sangalole. Mwina ndikabatizidwa adzasiya kundilonda, ndizipita naye mobisa. Sindikudziwa. Mutu sukugwira. Evance kumene aliko akugona pabwino ndi mkazi wake, moto uli m'nyumba.

Lachinayi, 19 Juni

Ndikulembera pabenchi kuchipatala.

Kutangoyera ndinamutsegula juzi. Nthiti zikulowa. Ngati mmene namwino ananenera, dzenje pansi pa chifuwa, kulowa, kutuluka, kulowa. Milomo yotuwa. Chitseko chokhoma, kiyi ali ndi Enelesi. Ndinangokhala ndikumugwedeza.

Nsalu inatseguka. Enelesi anabwera nkugwada, osandiyang'ana ine. Anayang'ana mwana. Nthawi yaitali. Anaika khutu pachifuwa. Atadzuka nkhope yake inali ina, sindinaionepo.

Anatsegula chitseko. Kutenga chikwama changa, kuponya panja. Poto panja. Bulangete panja. Mphasa anaikankha ndi phazi.

"Tulukani. Panopa, asanafike. Mudzere kuseri kwa chigayo, kumsewu mukumana nawo."

Ndati asisi. Ati ine si asisi anu. "Musaganize kuti ndikukuthandizani. Maliro ena m'chipinda muno sindiwafuna. Ndipo musadzabwerenso, ndikuuzani, ngakhale kudzapempha madzi."

Ndinamutukwana. Mawu onse amene ndinasunga masabata awiri ndinamukhuthulira pakhomo pomwepo, mwana ali kumsana. Za lendi yanga ya mwezi wathunthu ndinanenanso. Anatseka, kukhoma. Mkatimo kunamveka mawu, kaya akuimba kaya akulira. Sindinadikire. Nyimbo za amayi aja zinali zitayamba kumveka kumtunda. Poto ndinamusiya pomwepo.

Kuseri kwa chigayo, kudumpha ngalande, kabaza. Ndalama sindinamupatse yonse, anangoti pitani mayi.

Amulandira msanga. Timapaipi m'mphuno, jakisoni pamkono. Adokotala anafunsa chifukwa chake sanamalize mankhwala. Ndinanena zonse. Sanakalipe, anangopukusa mutu. Ati tigona kuno masiku angapo, tione lero ndi mawa mmene zikhalire. Sananene kuti achira. Sananenenso kuti ayi.

Enelesi pano akuwayankha chiyani mayi Zelesi? Anene kuti ndathawa. Kapena anene kuti wandithamangitsa, zonse nzoona. Sindikumukhululukira. Mankhwala akutayidwa iye anali pomwepo, manja m'chiuno. Koma njira ya kuchigayo ine sindimaidziwa.

Namwino wabwera ndi fomu. Dzina la mwana ndanena. Zaka ndanena. Dzina langa, Tisunge, ndanena. Mpingo, ndazengereza, ndati lembani Katolika. Kenako ati mukukhala kuti mayi, kuti akatuluka azaumoyo azikamuyendera.

Ndati ndiganize kaye. Waseka, ati kwanu komwe mpaka kuganiza? Wapita pa bedi lina, ati abweranso.

Uyo akubwera. Cholembera chili m'manja.