Mzere Wofiira pa Pepala la Esinala

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Mualadzi tilipo. Mpongozi wanu anabereka mwana wamkazi mwezi wathawu, tamutcha dzina lanu. Chimanga chacha bwino, kungoti anankafumbwe alowa m'nkhokwe yaing'ono ija, ndipo denga la kozinya, mophikira muja, likudonthabe pomwe munkatcherapo beseni.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi mkwiyo.

Chaka chino ndikuphunzitsa ana a kalasi ya khumi mawu a Chipwitikizi ofunsira ntchito: vaga, ndiwo malo a ntchito otseguka, entrevista, ndiwo mafunso a pamasom'pamaso, ndi kurikulu, ndilo pepala lofotokoza zimene munthu anaphunzira ndi ntchito zimene anagwirapo. Mukundidziwa, phunzirolo ndinalikonza katatu.

Sitolo ina yogulitsa mbewu ku Cassacatiza ikufuna munthu wa pasikelo. Esinala, mtsikana wamasiye wa m'kalasi mwanga, ayenera kupereka kurikulu wake Lachisanu. Pamzere wa ntchito zimene anagwirapo analemba kusankha mbewu, kuyeza chimanga ndi kusamala nkhokwe. Ndinakondwa.

A diretori a sukulu yathu ataona pepalalo anaseka. Akuti kulima si ntchito, alembe nenhuma, ndiye kuti palibe, tisachititse sukulu manyazi. Palibe! Mwana amene wadyetsa ang'ono ake atatu ndi khasu!

Amayi, ndiulule. Ndinatenga cholembera chofiira, n'kudula mzerewo ndi dzanja langali. Ndinaopa kusamutsidwa. Esinala sanalire. Anangondiyang'ana, napinda pepala lija kanayi.

Dzulo, pofunafuna mapepala olembetsera mwana, ndinapeza chikalata cha imfa yanu m'bokosi. Pamalo a ntchito panalembedwa doméstica, wongokhala pakhomo. Inuyo? Amene munkaluma njere imodzi n'kudziwa kuti thumba lonse silinaume? Amene munasenza chimanga pamutu mpaka ine ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi? Ndipo pansi pake pali siginecha yanga. Tsiku lija ndinaonetsetsa kuti dzina lanu lalembedwa molondola, koma bodza ili ndinalidumpha.

Munkati, "Wonyoza khasu asatambasulire dzanja kunkhokwe." A diretori amadya chiyani, mapepala? Nanga ine? Ndawakwiyira iwo, koma ndadzikwiyira kwambiri ndekha, chifukwa ndakufafanizani kawiri.

Chikalata chanu sindingachisinthe, chidindo chinagwa kale. Koma Lachisanu silinafike. Mawa m'mawa ndipalasa njinga kupita kwa Esinala ndi pepala latsopano. Tikalembanso zonse zitatu zija, ine ndikasaina pansi ngati mboni, kenako ndikawasonyeza a diretori ndisanalowe m'kalasi. Mawu okawauza ndawalemba kale pakapepala kuti ndisachite chibwibwi. Akafuna kundisamutsa, andisamutse.

Ndikukulonjezani, Amayi: kamtsikana kotenga dzina lanu kakadzafunsa kuti agogo ankagwira ntchito yanji, ndidzakayankha mpaka katope kumva.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fulujensiyo