Kanjira ka Mthunzi ku Lucca

Wokondedwa msuweni wanga Gelsomina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kutaliko. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akuvuta.

Mwana wanga Ilaria ndi mwamuna wake Fulvio anditengera kutchuthi ku Lucca. Mkamwini amene sanandigulireko ngakhale khofi, lero akuchita kundigwira mkono pamsewu. Dzulo tinayenda pamwamba pa linga la mzinda, tinaona matchalitchi atatu, kenaka Fulvio anati, "Amayi, tidzere kanjira aka, kali ndi mthunzi."

Kanjirako kanatifikitsa pa chipata cha masisitere. M'katimo nkhalamba zinali ndondondo pamipando, pansi pa mitengo ya mandimu. Sisitere wina anatuluka akumwetulira.

"Mwafika, Mayi Ottavia? Kuno mudzapuma, kulibe masitepe."

Ndinafunsa Ilaria kuti sisitereyo dzina langa walidziwa bwanji. Iye anayang'ana nsanja ina imene inali chapafupi, n'kuyamba kundiuza chaka chimene inamangidwa.

Mwina ndi ukalamba chabe ukundiganizitsa. Koma sutikesi anandilongedzera okha, ndipo ndapezamo zovala za nyengo yozizira, chonsecho mu Julaye muno kuno n'kotentha. Makiyi a nyumba yanga ndawasokerera m'diresi.

Mawa akuti tikaonenso mandimu aja. Mukalandira kalatayi, imbani foni kunyumba kwanga. Akayankha wina, musafulumire kukhulupirira zimene akuuzeni.

Moni kwa adzukulu.

Ndine msuweni wanu,
Ottavia