Tambula Yachiwiri ya a Bruno

Lachinayi, Novembala 1976. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

A Bruno, nkhalamba ya ku Italy imene ndimaisamalira ku North York, kuno ku Canada, anandituma kuti nditsegule botolo la vinyo wofiira limene akhala akusunga. Akuti mphesa zake zinalimidwa paphiri la kwawo, ndipo amene anazifinya ndi mchimwene wawo asanamwalire. Vinyoyo ndi woderako, amanunkhira dothi lonyowa ndi mvula.

Ndisanawathirire, ndinadontheza pang'ono pansi, monga ankachitira bambo anga ndi mowa wamasese. Ine woimba kwaya Lamulungu lililonse! Dzanja linangochita lokha.

A Bruno anandiyang'anitsitsa. "Waitana ndani?"

"Palibe, bambo," ndinatero. "Kwathu amayamba kulawa ndi akufa."

Sanaseke. Anatembenukira kukhomo n'kuyamba kulankhula Chitaliyana mofatsa, akumadikira yankho. Kenako anandiuza kuti ndidzaze tambula ina, ndiike patebulo.

Ndakolopa ndi sopo, koma fungo la dothi landitsatira m'basi mpaka m'chipinda muno.

Pochoka ndinaiyang'ana tambula yachiwiri ija. Inali theka. A Bruno manja awo sagwira, ndimachita kuwamwetsa. Ndipo ine sindina...