Makro ya Amuna Anga Inabweza Mlendo Pakhomo

Aphungu,

Ndimagwira ntchito pa risepushoni ya nyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Perth. Chiyambire mliriwu, aliyense wodzaona m'bale wake amayenera kutumiza umboni wa katemera. Ndikauona, ndimamulemba m'tebulo la pa kompyuta. Munthu aliyense ali ndi mzere wake wa mabokosi anayi: dzina lake, dzina la wokalamba, deti, ndi mawu oti waloledwa.

Amuna anga, a Flywell, ndi injiniya kumigodi ya kumpoto. Amakhala kumeneko masabata awiri, kunyumba sabata imodzi. Ataona ndikuvutika, anandijambulira makro, kapulogalamu kobwereza kokha mabatani amene munthu anadina pa kompyuta. Ndikangodina batani limodzi, imalemba deti ndi chilolezo, imabwerera kumayambiriro kwa mzere, n'kutsika. Anthu akakhala makumi awiri, ndimadina kamakumi awiri. Bambowa amainyadira kwambiri. Anauzako ngakhale anthu akutchalitchi.

Lachisanu lapitali ndinadina monga mwa nthawi zonse, n'kuweruka. Loweruka kunabwera mayi wina, Khadija, wochokera ku Fremantle. Anali asanaone bambo ake kwa masabata asanu chifukwa nyumbayi inali yotseka, ndipo mkuluyo wayamba kuiwala nkhope za anthu. Mnzanga wa pa wikendi anapeza dzina lake kumapeto kwa tebulo, bokosi la chilolezo lili lopanda kanthu, ndiye anamubweza. Mayiyo anangoima pawindo n'kukweza dzanja. Akuti bambo akewo anafunsa kuti ndi ndani ameneyo.

Abwana akuti ndine wosasamala, ndipo zikachitikanso andilembera kalata yondichenjeza. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pakati pa tebulolo panali dzina lalitali lomwe linapindikira pa laini yachiwiri m'bokosi mwake. Ndinawaimbira a Flywell. Anati, "Kompyuta silakwitsa, mayi a Prosper. Mwina simunadine kokwanira." Ine ndinadina kokwanira.

Kodi makroyi ndiikonze mobisa, kapena ndidikire mwiniwake? Sindikufuna kuwachititsa manyazi, komanso ntchitoyi ndikuifuna.

E.C., Morley

Mayi E.C.,

Amuna anu anena zoona pang'ono. Kompyuta sinalakwitse, inachita ndendende zimene iwo anaiphunzitsa.

Makro yojambula sidziwa cholinga cha munthu. Imangokumbukira mabatani amene anadinidwa. Pojambulapo, a Flywell anatsika ndi batani la muvi, ndipo muviwo umatsika laini imodzi ya mawu, osati mzere umodzi wa tebulo. Mayina onse akakhala aafupi, ziwirizi zimafanana. Dzina likapindika, muvi umatsika koma uli m'bokosi lomwelo. Choncho mwini dzina lalitali analoledwa kawiri, kudina kwanu kunatha mzere umodzi usanafikidwe, ndipo mzerewo unali wa Khadija.

Musadikire ndege yobweretsa a Flywell kuchokera kumigodi. Pangani kope ya tebulolo, mujambule makro yanu pa kopeyo. Yambirani m'bokosi la dzina, muziyenda ndi batani la Tab lokha. Mukalemba chilolezo m'bokosi lomaliza, dinani Tab kamodzi, ndipo mupezeka muli kumayambiriro kwa mzere wotsatira, dzina litalike bwanji. Muvi musaukhudze. Ngati mukufuna kusunga ya bambo, itseguleni, mufufute malamulo awiri omaliza, lobwerera kumayambiriro ndi lija lolembedwa MoveDown, n'kuikapo lakuti Selection.MoveRight Unit:=wdCell. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Mukatero, pitani kwa abwana ndi laputopu. Aonetseni makro yakale ikupunthwa pa dzina lalitali, kenako yatsopano ikudutsa. Musatchule amene anaijambula. Amene anaweruka osayang'ana mzere womaliza ndi inu, ndipo zimenezo muzivomere nokha iwo asanazinene. Apempheninso chinthu chimodzi: wa pa wikendi akapeza bokosi lopanda kanthu, aziyamba wafufuza umboniwo kapena kukuimbirani foni asanabweze munthu.

Khadija muimbireni lero. Musamufotokozere za muvi ndi Tab, sizimukhudza. Mupepeseni, mum'funse tsiku limene angabwere, ndipo tsikulo mukamulandire nokha pakhomo.

Za a Flywell, musabise. Chinthu chokonzedwa mobisa m'banja chimatulukira pa tsiku loipa. Akabwera, apatseni kope, muwapemphe alembe dzina lalitali n'kudina okha. Inu khalani chete. Injiniya amatsutsa mkazi wake, koma satsutsa chimene chaonongeka iye akuona. Kutchalitchi adzakonza okha nkhaniyo, kapena sadzaitchulanso.

Chenjezo langa ndi ili. Yatsopanoyo nayonso ili ndi khalidwe lake. Wina akaphatikiza mabokosi awiri kukhala limodzi, idzasokera. Ikafika pa mzere womaliza inu n'kupitiriza kudina, idzapanga mizere yatsopano n'kumaloleza anthu opanda mayina, ndipo sidzatopa. Choncho tsiku lililonse musanatenge chikwama, werengani tebulolo ndi maso anu kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Makro sidzaitanidwa ku ofesi ya abwana. Amene adzaitanidwe ndi inu.

Aphungu