Dengu Lathu Lisasowe pa Masika

Maddington, Perth
Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Rodwell,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Kaya muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Nanga miyendo ya amayi yaphwako? Ife tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo bambo a Tasha chifuwa chawagwira.

Ndalemba kalata dala, chifukwa pafoni mumandidula mawu. Mtima wanga suli m'malo. Amayi anandiuza kuti mwakana kupita ndi dengu la masika kutchalitchi chaka chino. Akuti mukunena kuti ng'amba yapsereza chimanga chonse, ndiye munthu akathokoze chiyani. Amalankhula akulira, achimwene. Iwo sangathenso kuyenda mpaka kutchalitchi, ndipo dengu la pakhomo pathu silinasowepo pa masika chiyambire nthawi ya malemu abambo, ngakhale chaka cha njala yoopsa chija. Chimvereni zimenezi sindikukhazikika. Dzulo pochokera kuntchito ndinapitirira siteshoni yanga yotsikira sitima ndili m'maso.

Musati ndikulankhula chifukwa chokhuta. Nanenso ndalima kuseri kwa nyumba, ndipo mukamva museka. Chaka chatha mvula yoyamba itagwa mu Meyi, fungo la dothi linandizunguza mutu. Ndinathamangira kubzala monga anatiphunzitsira abambo, kuti mvula yoyamba sachedwa nayo. Sindinadziwe kuti kuno mvula imabwera limodzi ndi chisanu. Chimanga chinamera, chinachita chikasu, n'kuima pomwepo osafika ndi m'mawondo momwe. Mayi Joan, mzungu wachikulire woyandikana nafe, anasuzumira pampanda n'kundifunsa ngati ndabzala udzu wamtundu watsopano.

Ndinabzalanso mu Okutobala monga anandilangizira. Koma dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha, ukathirira madzi amangopita, ndipo dzuwa lake ndi losanena. Zomwe ndakolola sizingadzaze mbale. Ndi tichimanga tating'onoting'ono, njere apa ndi apo ngati mano a nkhalamba.

Masika athu kuno adzachitika kumayambiriro kwa Juni. Tinawayambitsa ndife Amalawi pamodzi ndi anzathu a ku Zambia. Tchalitchi chathu cha kuno anamanga ndi azungu, koma Mayi Joan, amenenso timapemphera nawo, akuti chinatsala pang'ono kutsekedwa anthu atatha. Akuti ali mtsikana ankasonkha zothandizira kuti uthenga ufike ku Africa, osadziwa kuti adzakalamba akumva ulaliki wa abusa a Chomba a ku Lusaka. Lero mipando yadzaza ndi ife, komanso a ku South Sudan, a ku Korea ndi a ku Philippines. Tikamanena Pemphero la Ambuye, aliyense m'chinenero chake, ndimaganiza za katchalitchi kathu ka malata kaja, kuti nako kali m'gulu lomweli, ndipo ndimasowa kumudzi mpaka misozi.

Anzanga amagula mpunga ndi mafuta kusitolo n'kukaika kutsogolo. Bambo a Tasha akuti nafenso titero, tisakachite manyazi pagulu. Ndawakanira. Ndikasenza tichimanga tanga tomweti, woseka aseke. Ndi zimene munda wandipatsa, ndipo sindikanamiza Mulungu ndi thumba la mwini sitolo.

Pempho langa ndi limodzi basi. Tengani dengu, muikemo chilichonse chimene chapulumuka, kaya ndi mtedza wodzaza m'manja, kaya dzungu limodzi, mupite nalo. Ndikudziwa mwakhetsa thukuta pachabe, ndipo zikundipweteka. Ngati mwamukwiyira Mulungu, pitani nawo mkwiyowo kutchalitchi komweko, ndi wamkulu, akaumva. Ngati simungathe kunyamulira Iye, nyamulirani amayi. Mudutse nalo pakhonde pawo kuti alione likutuluka. Ine ndi inu sitikudziwa ngati adzaonenso masika ena, ndipo kumeneko ndilibe manja ena koma anu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi ana onse. Tasha akuti ndikulonjereni, ngakhale Chichewa chake n'chopindika. Mundiyankhe msanga, achimwene, ndisamangokhala mtima uli m'mwamba.

Ndine mlongo wanu,
Dyna