Sukulu Yathu ya Makatoni

Khoma la kumadzulo la sukulu ya mkombaphala lang'aluka kuchokera pazenera mpaka pansi, ndipo ana amakhala m'munsi mwake m'mawa uliwonse. Mwana wanga Praise amakhala pomwepo. Ndayamba ndi izi chifukwa pamsonkhano anafuna kuziika pa "zina ndi zina". Moni a Temwa ndi onse a kubungwe lotithandiza.

KOMITI YA SUKULU YA MKOMBAPHALA YA TIYESE, NKHULAMBE

Tsiku: Lachiwiri, 14 Januwale 2025
Malo: Pakhonde la chipinda chosungira ufa wa phala

Opezeka: a Lingson Makina (Wapampando), Mayi Phoebe Magret (Msungichuma), a Shadrick Noah, Leah Madalo (Mlembi). Oitanidwa: agogo a Goodman, omanga tinyumba ta makatoni.
Osapezeka: a Dyson. Akuti njinga yafa. Inandidutsa ikuyenda bwinobwino.

1. Pemphero
Mayi Magret anapempherera mvula yambiri. Mlembi sanavomere Ameni.

2. Za chithunzi
Wapampando anakumbutsa kuti chaka chatha komiti inapempha a Goodman, amene akhala akumanga tinyumba ta makatoni kuyambira ali mnyamata, kuti amange kasukulu koonetsa bungwe chimene tikufuna. Anakamangadi kokongola: malata a pepala lonyezimira la m'mapaketi a ndudu, mazenera a pulasitiki ya botolo, ngakhale kachimbudzi. Wapampando anakaika pamchenga, phiri likuonekera kumbuyo, anagona chafufumimba n'kukajambula ndi foni, n'kutumiza ndi mawu akuti "nayi sukulu yathu". Bungwe linatithokoza pomaliza msanga, simenti yathu n'kupititsa kusukulu ina ya ku Jenala. Komiti inaombera a Goodman m'manja chifukwa cha luso.

3. Chochita
Mlembi anati tingowauza zoona. Wapampando anati iwo ndi mkulu wa mpingo, sangapite kukaoneka ngati wabodza. A Shadrick anati popeza bungwe limakhulupirira makatoni msanga kuposa anthu, a Goodman amange kasukulu kena kong'aluka, tikajambule. Zinavomerezedwa. A Goodman anati moyo wawo wonse sanamangepo chinthu chowonongeka, koma ayesetsa, kungoti phala la chinangwa limene amamatira siliuma dzinja lino. Adzamaliza mvula ikatha. Mlembi anafunsa ngati khomalo alidziwitsa kuti lidikire. Anauzidwa kuti alembe, asalankhule.

4. Kusamutsa ana
Mlembi anapempha kuti ana alowe m'chipinda chosungira ufa, chimene ndi cha njerwa zowotcha ndipo sichidontha. Wapampando anati muli kale anthu. Anthuwo ndi tchalitchi cha makatoni, milatho iwiri, sitima, ndi linga lakale la atsamunda la Fort Lister, zimene a Goodman anasungitsa chifukwa kwawo kukudontha.

A Goodman anati, "Mwana wanga, ana a phala m'manja? Fort Lister ameneyu ndinam'manga mkazi wanga akundigwirira nyale."

Mlembi anati, "Agogo, Fort Lister akaphwanyika mudzamata. Praise ndidzam'mata ndi chiyani?"

Mayi Magret anati tisakwiye, katoni ikanyowa yatha, pamene mwana amauma yekha. Tinavota. Makatoni mavoti atatu, ana voti imodzi.

5. Zina ndi zina
A Goodman anapita kukayeza mng'alu kuti kasukulu kawo kafanane ndendende. Anabwerera atakwinya nkhope. Anati Lamulungu munkalowa chala, lero mwalowa dzanja lonse mpaka anagwedeza zala panja, ndiye amange wa Lamulungu kapena wa lero? Wapampando anati adikire usiye kukula, tisawononge katoni.

Msonkhano wotsatira: mvula ikatha.
Wa lerowu unatsekedwa 4 koloko madzulo kutagunda bingu. Pothawa, palibe membala anadzera kumbali ya khoma lija, onse anazungulira kumunda wa chinangwa.

Wapampando: sanasaine, akuti ndime 2 ndaitalikitsa.
Mlembi: Leah Madalo

A Temwa, chonde musatipemphe chithunzi. Kuphiri kwada bii. Mawa ndili ndi ganyu, m'nyumba mulibe chom'siyira mwana, ndipo phala amalandirira m'munsi mwa khoma lomwelo. Ndikam'tsekereza agona ndi njala, ndikam'tumiza sindikudziwa. Kwerani njinga yamoto mubwere lero lomwe, mudzapise dzanja lanu nokha.