Batani Lachiwiri

Okondedwa asuweni a Alefa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kanjedza tilipo, kungoti chiperoni chatipanikiza sabata yonseyi.

Loweruka ndinapita ku Limbe kukasankha galimoto, poti yakale ija yatopa. Ndinapeza ziwiri za dizilo, mtundu umodzi, injini yofanana. Ina ndi ya mipando yansalu, yopanda zambiri. Inayo ndi ya mipando yachikopa, ndipo mpando wa dalaivala uli ndi mabatani awiri. Wogulitsa anati, "Bwana, mpandowu umakumbukira anthu awiri. Mukadina loyamba umabwerera pamene mumakhalira inuyo. Lachiwirili ndi la adona."

Ndinamuuza kuti ndimayendetsa ndekha, iye n'kuti ndiye yansaluyo ikundikwanira. Ananena zoona. Koma ndinatenga yachikopayo.

Paja mukuwadziwa akazi anga, amake Maziko, kufupika kwawo. Akayendetsa ankasiya mpando atausendeza kutsogolo, ine polowa n'kugunda mawondo pachiwongolero, n'kumadandaula njira yonse mpaka m'tauni. Pobwera kwanuko anati akakhala miyezi isanu ndi umodzi yokha. Chaka chino n'chachinayi, ndipo foni yawo masiku ano imangoitana. Sindikukufunsani kanthu, asuweni, ngakhale ndikudziwa kuti mumapemphera tchalitchi chimodzi.

Mukawaona mungowauza kuti batani lachiwirilo ndinalitchera kale, mongoyerekeza msinkhu wawo. M'mawa mwina, ndisanatuluke pageti, ndimalidina. Mpando umasendera pang'onopang'ono mpaka mawondo anga atagunda, ndipo sindidandaula.

Ndine msuweni wanu,
Fabiano